Kamera Imene a Chisale Anaipala

Ndiyambe ndi manyazi anga, popeza ndi atsopano ndipo akadali kundiyabwa. Mwezi wathawu, pokonzekera mwambo wovundukula chiliza cha malemu a Chisale, a pabanja anandipatsa ntchito imodzi yokha: kukonza kapepala ka ndondomeko ya mwambo, n'kuikapo chithunzi cha mwini wake patsamba loyamba. Anasankha ine chifukwa ku Chifubu kuno, ku Ndola, ndimadziwika kuti ndine wowerenga. Sukulu ndinalekera panjira, koma nyuzipepala iliyonse yokulungira misomali ku sitolo ya zitsulo komwe ndimagwira ntchito ndimayamba ndaiwerenga, ndipo zimenezi zinandipatsa dzina loti Pulofesa. Anandipatsa dzinalo ndi a Chisale omwewo, ndipo sikunali kunditamanda.

Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, chimene anadzijambula okha atakhala pakhonde, chopanda mitundu, chakuda ndi choyera basi. Ndinachiyang'ana n'kuganiza kuti anthu a ku Nkana West ku Kitwe, kumene anakwatiwa mdzukulu wawo, akabwera ndi magalimoto awo adzati ku Chifubu inki yakala, ya mitundu ija, inatithera. Pafoni panga pali ka apu kamene ukakapatsa chithunzi chakale kamachipaka mitundu. Ndinadina. Pasanathe mphindi, a Chisale anali atavala jekete labuluu, khungu litayera ngati la munthu wodzola mafuta aja a kumsika, milomo itafiira ngati angomwa kumene juwisi. Ine ndinaona kuti zakongola. Ndinasindikiza mapepala fifite, n'kukagawa ndekha pachipata cha manda, ndili mu tayi.

Zimene mdzukulu wawo Thokozani ananena atalandira pepala lake ndizifotokoza kutsogoloku. Kuti muzimve bwino muyenera kudziwa kaye munthu amene ndinamupaka utotoyo, ndi mlandu umene unali pakati pa awiriwa. A Chisale anamwalira patatha zaka zinayi Thokozani asanapondenso m'nyumba mwawo. Anali mwana amene iwo ndi akazi awo aNabanda anamulera okha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atamwalira. Chinawalekanitsa ndi mitundu yomweyi.

A Chisale anabadwira kuno ku Zambia, bambo awo atabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya ukalaliki pamgodi. Iwonso anakalamba ali pamgodi ku Kitwe, koma pansi sanatsikeko. Ntchito yawo inali kujambula timiyala tosemedwa mopyapyala pansi pa maikulosikopu, ndipo Lolemba ankajambula nkhope za anthu olembedwa kumene ntchito, zoika pa ziphaso. Atapuma anadzagula nyumba yoyandikana ndi yanga. Anali mkulu wa mpingo, wa Chipresibateriya weniweni, wosaseka pachabe. Chilichonse ukawapatsa, kaya kalata, kaya tomato, ankayamba apita nacho pazenera kukachitembenuza pakuwala. Akakuitana kuti bwera udzaone, unkadziwiratu kuti ukaima theka la ola kuyang'ana chinthu chosaoneka, iwo akufunsa kuti waona, iwe n'kunama kuti eya kuti akumasule. Mawu oti pepani sindinawamvepo pakamwa pawo. Akakuponda phazi ankakufotokozera chifukwa chimene phazi lako linali pamalo olakwika.

Mafilimu atasowa m'masitolo, mdalayu anakhala ngati mlimi wolandidwa khasu. Thokozani ndi amene anawachitira chifundo. Atayamba ntchito ya unamwino ku Kitwe anawagulira kamera ya dijito, yogwirapo kale ntchito koma yabwino, yochotsa lenzi. Powapatsa ananena kuti aiphunzire bwino chifukwa ndi imene adzajambulire ukwati wake. Nthawi imeneyo mwamuna anali asanapezeke n'komwe.

Anaiphunzira mopitirira muyeso. Tsiku lina anandiitana kudzera pampanda.

"Pulofesa, bwerani mudzaone."

Ndinausa moyo n'kupita. Anali atachotsa lenzi, akuloza m'mimba mwa kamera.

"Kagalasi ako kangati sitampa mukukaona? Dzina lake sensa. Pamenepo pali timaso mamiliyoni, tondandalika ngati nyumba za pamgodi. Kadiso kalikonse sikadziwa mtundu. Kamangowerenga kuwala: kwachuluka, kwachepa. Basi."

"Nanga mitundu imachokera kuti, bambo?"

"Ndi pamene pali chinyengo. Opanga anayala pamwamba pake kansalu ka timabokosi: kofiira, kobiriwira, kabuluu, kobiriwiranso. Kadiso kovekedwa kofiira kamaona zofiira zokha, kuwala kwina konse kumabwezedwa pakhomo. Ndiye kamera ikafuna kudziwa mtundu weniweni wa pamalo amenewo imatani? Imafunsa aneba. Inu obiriwira, mwaonako chiyani uko? Nanga inu abuluu? Kenako imangoganizira. Pa zinthu zitatu zimene ikukuuzani, yaona chimodzi, ziwirizo yamva kwa anthu. Munthu wotero kwanu mumamutcha chiyani?"

"Wamiseche."

"Lero mwakhoza."

Ulaliki umenewu anaulalika kwa aliyense: kwa abusa, kwa kondakitala wa minibasi, kwa Thokozani akabwera kudzacheza, ngakhale kwa mayi wogulitsa makala. ANabanda akangomva mawu oti timaso ankanyamula mpando n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Zikanathera pomwepo, pakanapanda ine ndi kuwerenga kwangaku. Ku sitolo kunabwera katundu wokulungidwa m'masamba a magazini ya zojambula, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti nanenso ndimadziwa kanthu, ndinapita nawo n'kuwawerengera mokweza. Masambawo ankanena kuti kuli makamera ena amene amatuluka ku fakitale opanda kansalu ka mitundu kaja. Kadiso kalikonse kamalandira kuwala konse, kosasefedwa. Motero kamera yotere imaona bwino mumdima, chithunzi sichidzaza timchenga tija timaoneka ukajambula m'nyumba madzulo, ndipo tizinthu ting'onoting'ono timatuluka takuthwa chifukwa palibe zoganizira. Mtengo wake, malinga ndi masambawo, unali wa galimoto. M'munsi mwake munali kandime konena kuti anthu ena amatsegula kamera wamba n'kupala kansaluko okha. Kandime kameneka ndikanakadumpha. Ndinakawerenga kawiri, mokometsera mawu.

A Chisale anatenga masambawo n'kukawatembenuza pazenera. Patapita masiku awiri anati kamera yanga ili ndi fumbi m'kati, ndiwapatse aipukute. Inali kamera yakale imene ndinagula pa tebulo la zakale ku Kitwe, ndipo ndinkainyadira. Patatha sabata anandibwezera ili m'kathumba ka shuga, m'zidutswa, atayesera kuipala kansalu kaja. M'mphepete mwa sensa muli tiwaya tagolide toonda kuposa tsitsi, ndipo dzanja lawo linaterereka n'kudula tiwiri.

"Yafa imfa yabwino," anatero. "Yatiphunzitsa."

"Yaphunzitsa ndani, bambo? Kamera inali yanga!"

"N'chifukwa chake ndayambira yanu."

Ya Thokozani anaipala miyezi iwiri ukwati usanachitike. Ankagwira ntchitoyo Lachinayi m'mawa, aNabanda akapita ku Mvano, pa tebulo lawo la pazenera. Zida zake zinali galasi lokulitsa zinthu limene anachoka nalo kumgodi, timitengo totokosera m'mano, ndi phala lija amapukutira magalimoto. Anayamba atenthetsa kagalasi kotchinga sensa mpaka guluu atafewa, n'kukanyamula. Kenako kupala, pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Pamwamba penipeni pali timalenzi ting'onoting'ono tosonkhanitsira kuwala m'kadiso kalikonse, ndipo timeneti timachoka limodzi ndi mitundu. Iwo ankavomera monyinyirika kuti apa pamatayika kuwala kwina, kotero yopala pamanja siingafanane ndi ya ku fakitale. M'makona anasiyamo utoto pang'ono poopa tiwaya tija. Phunziro la kamera yanga linagwira ntchito.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti zinatheka. Anajambula Bana Mulenga, mnansi wathu wa tsidya lina la mpanda, mayi wa Chibemba wosoka zovala, ali pa makina ake m'chipinda chamdima. Pa chithunzicho unkatha kuwerenga ulusi wa nsalu, umodziumodzi, ndi tsitsi lililonse la m'nsidze.

"Awe, bashikulu," anadandaula Bana Mulenga, powatchula agogo m'Chibemba chawo, "mwandiwerengera makwinya onse! Ine ndimafuna kamera yonama pang'ono."

Zoopsa za kamera yotereyi ankazidziwa bwino, ndipo anandiphunzitsa okha. Choyamba, choyera chikapsa chapsa. Mu kamera yakala, ankatero, dzuwa likachititsa khungu timaso tofiira, mwina tabuluu taonako kanthu, umakapempha kumeneko n'kubweza pang'ono zimene zinatayika. Mu yopalayi mulibe wopempha: timaso tonse timadzaza nthawi imodzi, pamatsala pepala loyera. Chachiwiri, chinthu chofiira ndi chobiriwira zikawala mofanana zimatuluka zotuwa mofanana, ngati phulusa la mbaula imodzi. Mankhwala ake ndi kuika galasi la mtundu kutsogolo kwa lenzi. Lawo linali la olenji, limene limayeretsa zofiira n'kudetsa zobiriwira, koma limadya kuwala. Zonsezi ankazinena ngati katekisimu.

Chimene sananene kwa wina aliyense ndi chakuti kamera ija yapalidwa. Ine ndekha ndinkadziwa.

"Mwamuuza Thoko?" ndinafunsa.

"Adzaona yekha. Chinthu chabwino sichifuna mlaliki."

Anatero munthu amene analalikira wogulitsa makala. Ine ndinangoti chabwino, n'kubwerera kwanga. Pa mlandu umenewu gawo langa ndi limenelo, ndipo sindilikana.

Mwamuna wa Thokozani ndi wa ku Nkana West, banja la magalimoto awiri pakhomo. Komiti ya ukwati inakangana miyezi itatu pa nkhani ya mitundu, mpaka inagwirizana kuti akuchikazi avale chitenje chofiira, akuchimuna chobiriwira. Kwa ife a ku Chifubu chofiira chija sichinali chovala chabe. Tinkafuna kuti pa chithunzi chimene chidzapachikidwe m'nyumba ya ku Nkana West tidzaoneke kuti tinalipo, tinali ambiri, ndipo tinatchena. Bana Mulenga anasoka zovala zonse za mbali yathu mpaka maso anatupa. Apongozi a Thokozani anafuna kulemba ntchito wojambula wa m'tauni, wa makamera atatu. Thokozani anakana pamaso pa komiti yonse. Anati ukwati wake adzajambula ndi agogo ake, katswiri wa pamgodi, ndi kamera imene iye anawagulira.

Ukwati unali mu Novembala, m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono ku Kitwe. Cha m'ma leveni awazi m'mawa kunabwera mtambo wakuda, mvula n'kuyamba, magetsi n'kuzima. M'tchalitchi munada moti abusa ankawerenga ndi tochi ya pafoni. Amene ankajambula ndi mafoni anawabweza m'matumba. A Chisale okha ndi amene anasangalala. Ndinawaona akuchotsa galasi la olenji n'kuliponya m'thumba la jekete, akutsegulira kamera kuti imwe kuwala konse kumene kunalipo, akuyenda chonyang'ama pakati pa mabenchi ngati mnyamata. Podutsa pafupi nane anandinong'oneza kuti tsiku lake ndi limeneli.

Mapemphero atatha, mvula inali itadutsa, dzuwa lili phwee. Anthu anathamangira pa masitepe kukajambulitsa chithunzi chachikulu, ofiira uku, obiriwira uko, mkwatibwi pakati. Azakhali akukuwa kuti fulumirani, madalaivala akuimba mahutala, wapampando wa komiti akuloza wotchi. M'chipwirikiti chimenecho mdala uja anaiwala zinthu ziwiri: kubwezera galasi la olenji, ndi kuchepetsa kuwala kumene anatsegulira mumdima muja. Mudzafunsa kuti bwanji sanaone pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera. Kasikiriniko anakamata ndi pulasitala tsiku lomwe analandira kamerayo, ati wojambula weniweni sasuzumira. Zoti kamera izidziyezera yokha kuwala ankati ndi za aulesi.

Patapita masabata awiri, Lamlungu masana, galimoto inaima pakhomo pawo. Munatuluka Thokozani, mwamuna wake, ndi apongozi ake aakazi. Ine ndinaitanidwa ngati mboni ya ulemerero. A Chisale anali atasindikiza zithunzi zonse, n'kuziika mu envelopu yaikulu yakhaki. Pamwamba anaika cha pa masitepe, poti ndi chimene aliyense ankafuna.

Apongozi anachiyang'ana, n'kumwetulira mwaulemu.

"Zachikale zokongola. Nanga zakala zili kuti, bambo?"

"Palibe."

"Mutisindikizire ndiye, tidikira."

"Mulibe kala m'menemo, mayi. Sinalowemo n'komwe."

Thokozani anatenga chithunzicho. Mabanja awiri aja anali mtundu umodzi, wotuwa, ngati ana a sukulu imodzi. Pakati, pamene panayenera kukhala diresi limene anasankha kwa chaka chathunthu, panali chibowo choyera, chopanda lesi, chopanda mkanda, mutu wake uli pamwamba ngati waikidwa pa mtambo.

"Agogo, mwaichita chiyani kamera ija?"

Apa ndi pamene munthu wina aliyense akanagwetsa nkhope. A Chisale anayamba za timaso. Ananena za kansalu, za aneba, za miseche. Anati aone kaye za m'tchalitchi zimene zili pansi pa mulu, aone ulusi wa chophimba kumutu chake. Anatambasula dzanja kuti azitulutse. Thokozani anaika chikhatho chake pa envelopu.

"Ndinakugulirani kamera yoona, inu mwaiboola maso. Ndinaimirira pamaso pa anthu awa, ndinati agogo anga ndi katswiri. Munali ndi miyezi iwiri yondiuza."

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana! Ukwati unali wanga!"

Anabweza chithunzi chija mu envelopu osayang'ana zinazo, anagwada kutsanzika agogo ake aakazi, n'kutuluka. Galimoto itapita, aNabanda anayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"A Chisale, pepani ndi mawu amodzi. Ndikulembereni papepala?"

Iwo ananyamula envelopu n'kukaiika pa shelefu pamwamba pa tebulo lawo. Inakhala pamenepo zaka zinayi, ndi chaka china iwo atapita.

Thokozani sanawataye. Mwezi uliwonse ankatumiza shuga, sopo ndi mankhwala a BP kudzera kwa dalaivala wa minibasi, ndipo ankaimbira foni aNabanda. Akamva kuti foni yapatsidwa kwa agogo aamuna ankapereka moni, kufunsa za miyendo, n'kunena kuti odwala akumudikira. Mwana wake woyamba atabadwa, aNabanda anapita okha ku Kitwe kukamuona.

Mdalayo sanapepese. M'malo mwake anachita chinthu chimene chinatitopetsa tonse kuposa kupala kuja. Munthu amene ankanyoza mitundu anathera zaka zake zomaliza akuisakasaka. Anapeza magalasi atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Anati kamera yopala ikhoza kutulutsa mitundu yoona, yosafunsa aneba, ngati ujambula chinthu chimodzi katatu, galasi lililonse kamodzi, kenako n'kusanjikiza zithunzi zitatuzo pa kompyuta. Kadiso kalikonse kamakhala kataona mitundu yonse itatu ndi maso ake. Vuto n'lakuti chojambulidwacho chisasunthe ngakhale pang'ono.

Woyeserera anali ine. Anandikhazika pa mpando pakhonde.

"Musapume, Pulofesa."

"Ndife ndiye?"

"Mufe mukatha chachitatu."

Ntchentche inatera pamphuno panga pakati pa chobiriwira ndi chabuluu. Pa chithunzicho ndinatuluka ndi makutu asanu ndi limodzi, atatu mbali iliyonse, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Anandiyesa kasanu ndi kawiri masiku osiyanasiyana, ndipo nthawi zonse wolakwa ndinali ine. Atakhutira kuti njirayo ndi yabwino koma anthu ndi amene ali osakhazikika, analembera kalata wapampando wa komiti ya ukwati uja, kupempha kuti anthu onse avalenso zitenje zawo, abwerere pa masitepe aja, aime osagwedezeka mpaka iwo atasintha magalasi katatu. Anandipatsa kalatayo kuti ndione ngati Chingerezi chake chili bwino. Ndinawauza kuti Chingerezi chilibe vuto, koma awiri mwa anthu a pa masitepe aja anamwalira, mmodzi ali ku Solwezi, ndipo azakhali ena chitenje chija anachisandutsa makatani. Anatumizabe. Yankho silinabwere.

Pomaliza anapita kwa Bana Mulenga kukapempha tizidutswa totsala ta nsalu zija. Chofiira chinapezeka m'thumba la zigamba, chobiriwira anachita kukapempha kwa telala wa ku Kitwe amene anasokera akuchimuna. Anazikhoma pa chitseko ndi timisomali, mbali ndi mbali. Nsalu sizipuma ndipo ntchentche sizizivutitsa. Chithunzicho chinatuluka chokongola moti Bana Mulenga anachigwira ndi chala kuti amve ngati ndi nsalu. Kufiira kwake kunali komwe kuja, kwa pa tsiku lija. Anachiika mu envelopu yaing'ono, osalembapo liwu lililonse, n'kupatsira dalaivala wa minibasi uja.

Yankho linabwera pa foni ya aNabanda, ndipo iwo anawawerengera amuna awo ine ndili pomwepo. Thokozani analemba kuti walandira, zikomo, koma nsalu anali nazo kale.

Tsiku limenelo a Chisale anandiperekeza mpaka pampanda, chinthu chimene sankachita. Anaima akuthothola masamba a mpandawo.

"Galasi lija linali m'thumba langa, Pulofesa. Pa masitepe paja ndinkalimva likundigunda m'nthiti. Ndinkadabwa kuti chikundigunda n'chiyani."

"Bambo, mawu amenewa kamuuzeni Thoko. Minibasi ya ku Kitwe ndikulipirirani ine."

"Zoti ndinalakwa akudziwa kale. Chimene sakudziwa n'chakuti za m'tchalitchi zija zinatuluka bwino."

Ndinalowa m'nyumba mwanga n'kumenyetsa chitseko. Ndi nthawi yokhayo imene ndinachitira mwano munthu wamkulu, ndipo ndikukayika ngati anazindikira n'komwe.

Anamwalira chaka chathachi, nyengo yozizira, atadwala masiku anayi okha. Thokozani anali pa ntchito, ndipo pamene ankafika ku chipatala cha ku Ndola anapeza atatseka kale maso. Pa maliro anakhala kumbali ya amayi, anagwira ntchito zonse zimene mdzukulu amagwira, koma m'chipinda cha pazenera chija sanalowemo.

Tsopano tibwerere kumanda, kwa ine ndi tayi yanga ndi mapepala anga fifite. Thokozani anatsika galimoto ali ndi mwana kumanja, analandira pepala, anayenda masitepe atatu, n'kuima. Anabwerera.

"Ankolo, uyu ndani?"

"Ndi agogo ako, mama. Ndangowakonzako pang'ono."

"Agogo anavalapo liti jekete labuluu? Milomo iyi ndi ya ndani? Khungu ili mwalitenga kuti?"

"Ndi foni," ndinatero, mawu akuchepa. "Imayang'ana chithunzi, ndiye imangoganizira."

Ndinadzimva ndekha ndikunena mawu amenewo, ndipo ndinalakalaka chiliza chikanakhala changa. Thokozani anandiyang'ana, ine sindinadziwe ngati kukubwera kuseka kapena kulira.

"Yafunsa aneba," anatero.

Zinabwera zonse ziwiri. Kenako anapatsira mwana kwa mwamuna wake, nayenda mzere ndi mzere, kwa a Mvano, kwa akulu a mpingo, kwa apongozi ake omwe, kulanda mapepala anga onse. Mwambo unayenda popanda ndondomeko, abusa akungofunsa wapampando wa mwambowo kuti chotsatira n'chiyani.

Titabwerera kunyumba, anthu akudya panja, Thokozani anafunsa aNabanda ngati envelopu ija ikadalipo. Iwo anangoloza ndi chibwano. Analowa, ine n'kuima pakhomo ngati wolakwa woyembekezera chilango. Anakhala pa mpando wa agogo ake, anachotsa chithunzi cha pa masitepe n'kuchiika chafufumimba, nayamba kuona zinazo. Mosadziwa, chilichonse ankachitembenuzira kuzenera.

Panali china chimene anakhala nacho nthawi yaitali. Ali kutsogolo kwa tchalitchi, mumdima muja, watembenuka pang'ono kuyang'ana wojambula. Chophimba kumutu chikuoneka ulusi uliwonse, lesi wa pakhosi duwa lililonse, ndipo nkhope yake yakuda bwino ili yonse, yosayeretsedwa, yosasowa, ikuseka munthu amene akuyenda chonyang'ama pakati pa mabenchi.

"Ndikadali wokwiya, ankolo," anatero osandiyang'ana.

"Uli ndi chifukwa, mama."

"Akanangondiuza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Taonani diresi langa. Linali lotere ndithu. Mdala wouma mutu."

Anapita nayo envelopu ija ku Kitwe, pamodzi ndi kamera, pulasitala wake ali pomwepo. Chithunzi cha pa masitepe anachisiya.

Tebulo la pazenera likadali pamalo pake. ANabanda akana kuti lichotsedwe, ngakhale amati limangosunga fumbi. Pa shelefu pali malo a makona anayi pamene matabwa ndi oyera kuposa pena ponse. M'kachitini ka machesi muli timitengo totokosera m'mano, tina tili ndi utoto kunsonga. Pa chitseko patsala timabowo tinayi ta misomali. Magalasi atatu aja anawatsamiritsa pazenera, ndipo m'mawa dzuwa likalowa limagwetsa madontho atatu pa simenti, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, amene amayenda pang'onopang'ono mpaka pa mwendo wa mpando n'kuzimirira. Palibe amene amaitana munthu kuti adzaone.

M'mawa mwake mwa tsiku la chiliza ndinkatentha mapepala anga aja kuseri kwa nyumba, mwakachetechete, pamene Bana Mulenga anasuzumira pampanda, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ba Pulofesa, mwapita kukafunsa foni, ine ndili pano? Jekete lija kolala yake ndinaitembenuza ndine, kawiri. Linali lotuwa, mukwai. Khoma la pakhonde ndi la simenti, lotuwa. Tsitsi loyera, munthu wakuda. Nanga inu mumapaka chiyani? Chithunzi chija chinali kale chakala."